Zomwe ndinaona poyesa ana aku sekondale Chingerezi ku China

Ngati mukupita ku China kukaphunzira za uphunzitsi, kapena mwangopezeka kuti pa sukulu ina mlendo wolankhula Chingerezi ndinu nokha, dziwani kuti tsiku lina adzakupatsani pepala la maina a ana nkukuuzani kuti tayesani awa tione ngati Chingerezi akuchitha. Ine zinandipeza choncho. Ndisanapite kumeneko ndinali mphunzitsi wa Chingerezi pa CDSS ina kuno kumudzi, ma fomu 4 ndawakonzekeretsapo MSCE zaka ndithu, ndiye nditapeza mwayi wokachita masters ya zamaphunziro m'chigawo cha Zhejiang mbali ina ya kosi yathu inali yoti tizipita pa sekondale ina kukaonerera komanso kuthandiza aphunzitsi. Kuthandiza kwangako kunathera pa kuyesa ana kulankhula, kuchonga nawo ma kompozishoni, ndi kukhala kumbuyo kwa kalasi kumaona m'mene amakonzekera mayeso awo. Ndikulemba izi kuti wina akakafika asakayambire pa ziro.

Muyambe mwamvetsa kaye kuti mayeso kwa anawa ndi chani. Amakhala zaka 6 ku pulayimale, kenako zaka 3 ku sekondale yoyamba imene amati chuzhong, pothera pake nkulemba mayeso otchedwa zhongkao. Amenewa ndi amene amagawa ana, ena kupita ku sekondale yapamwamba imene amati gaozhong kumene kulinso zaka 3, ena kupita ku masukulu a ntchito zamanja. Kumapeto kwa gaozhong ndiye kuli gaokao, mayeso olowera ku yunivesite, amayamba pa 7 June chaka chili chonse. Mu 2024 analembetsa anthu 13.42 miliyoni, taganizani, anthu oposa theka la Amalawi tonse kukhala pansi tsiku limodzi kulemba mayeso. M'zigawo zambiri malikisi onse ndi 750 ndipo Chingerezi chokha ndi 150, chimodzimodzi masamu ndi Chitchaina. Mwana atha kusankha Chijapanizi, Chirasha, Chifalansa, Chijeremani kapena Chisipanishi m'malo mwake, koma ambiri ndi Chingerezi basi. Kwathu kuno tonse tikudziwa kuti ukalakwa Chingerezi pa MSCE satifiketi palibe, komabe ana awiri osiyana malikisi pang'ono atha kugwera mu giredi imodzi ndipo palibe amadziwa kuti wapambana mnzake ndani. Kumeneko ayi. Amawerenga malikisi enieniwo nkukuika pa mzere ndi ana onse a m'chigawo chako, ndiye kusiyana kwa malikisi amodzi okha kutha kukudumphitsa anzako mazanamazana kapena kukutsitsa. Mukaona mwana akulira chifukwa cha theka la malikisi musamuone ngati wopepera, iyeyo masamu ake wawerengera kale.

Pepala la Chingerezi la gaokao limalembedwa masana a pa 8 June, maola awiri. Limayamba ndi kumvetsera, malikisi 30, amakuseweretserani mawu ojambulidwa inu nkumasankha yankho. Tsiku limenelo apolisi amatseka misewu ya pafupi ndi sukulu, kuimba hutala nkoletsedwa, a zomangamanga amaimitsa ntchito, ndipo geti amatseka kutatsala mphindi 15 kuti mayeso ayambe, ukachedwa sulowa olo ulire bwanji. Kenako kuwerenga, malikisi 50, ndipo mkati mwake muli kachigawo kena kochenjera kamene amachotsa ziganizo zisanu mu nkhani nkukupatsa zisanu ndi ziwiri kuti ubwezeretse zoyenera pamalo pake. Malikisi ena 30 ndi a nkhani zamipata, pena kusankha mawu pena kusintha mawu amene akupatsa kuti galamala ikhale bwino. Otsala 40 ndi kulemba. Mwaona kale chimene palibe? Kulankhula. M'zigawo zambiri kulankhula sikulowa mu 150 ameneyu, kumakhala mayeso apadera a amene akufuna kukachita ziyankhulo ku yunivesite. Ifenso kwathu MSCE ilibe kulankhula ndiye apa tisanyozane.

Pali zinthu ziwiri zimene mwana aliyense waku China amazidziwa ndipo mukazitchula kalasi yonse imaseka, ndiye zisungeni zikuthandizani kuswa manyazi. Choyamba ndi mtengo wa shati. Mayeso omvetsera asanayambe pamakhala chitsanzo, ndipo kwa zaka zambirimbiri chitsanzocho chinali chimodzimodzi, wina kufunsa mtengo wa shati wina kuyankha kuti ndi mapaundi 9 ndi mapensi 15, yankho C. Chachiwiri ndi Li Hua. Ameneyu ndi mwana wongopeka amene mayeso amakuuza kuti tiyerekeze ndiwe iyeyo, lembera mnzako wakunja kalata yomuitanira ku chionetsero, kapena yopepesa, kapena yomulangiza. Ana amachita nthabwala kuti Li Hua zaka zonsezi sanaphunzirebe kudzilembera yekha kalata. Kalatayo ndi ya mawu pafupifupi 80, malikisi 15.

Malikisi 25 otsalawo ndi pamene ine ndinapakonda kwambiri. Amakupatsa nkhani yosatha, kenako chiganizo choyamba cha ndime ziwiri zotsatira, iwe upitirize mpaka nkhaniyo ithe, mawu pafupifupi 150. Zinayambira konko ku Zhejiang mu 2016 kenako zinafalikira ku zigawo zina. Nzeru yake ndi yoti mwana sangalowezeretu kompozishoni kunyumba ngati m'mene ana athu amalowezera ija ya tsiku limene sindidzaiwala, chifukwa akuyenera amvetse kaye nkhani imene wapatsidwa, adziwe kuti anthu ake ndi ndani, vuto lili pati, ndiye zolemba zake zilumikizane ndi zimenezo. Koma ana ndi ana, amapezabe njira, ndifotokoza kutsogoloku.

Tsopano tibwere ku ntchito imene mwina adzakupatsani inuyo, yoyesa kulankhula. Ine anandipatsa kachipinda, desiki, mipando iwiri ndi pepala logawidwa malo anayi, katchulidwe, kusadodoma, galamala, ndi mfundo. Ana ankalowa mmodzimmodzi. Mwana amalowa, kuwerama pang'ono, kukhala, nkuyamba yekha osafunsidwa, dzina langa ndine wakuti, ndili ndi zaka 16, kwathu tilipo atatu, ndimakonda basketball ndi kumvera nyimbo, liwiro lake ngati wailesi, galamala yoyera mbee. Ukangomufunsa kuti basketball yo umasewera ndi ndani, zii. Maso pansi, makutu kufiira, manja kufinya malaya. Wotsatira chimodzimodzi, wotsatira chimodzimodzi. Munthu wongofika kumene atha kulemba kuti anawa Chingerezi sadziwa, angoloweza. Koma mwana yemweyo ndinamuona dzulo lake akuwerenga nkhani yovuta ya sayansi, ya mawu oti ma fomu 4 anga akanatsegula dikishonale mzere uliwonse, nkukhoza mafunso onse. Mawu pafupifupi 3,500 amene amati munthu wa gaokao awadziwe ali m'mutumo ndithu. Eni akewo vutoli amalidziwa, amachitcha Chingerezi chosalankhula.

Chimene chimachitika m'mutu mwa mwanayo nthawi ya zii ija ndi ichi, ndinachita kuuzidwa ndi ana omwewo titazolowerana. Funso walimva. Yankho ali nalo mu Chitchaina. Akumanga chiganizo cha Chingerezi m'mutu, kuona ngati verebu ili bwino, kuona ngati pakufunika the, kubwerezanso, chifukwa kuyambira sitandade 3 pamene anayamba Chingerezi waphunzira kuti chiganizo cholakwika ndi malikisi otayika, ndiye bola kukhala chete kusiyana ndi kutulutsa chinthu chopindika pamaso pa mphunzitsi. Ndiyetu inu woyesa ntchito yanu yaikulu ndi kudikira. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ine ndinkawerenga chamumtima pang'onopang'ono mpaka 10 ndisanatsegule pakamwa, ndipo ambiri ankayankha ndisanafike kumeneko, yankho labwinobwino. Chimene musachite ndi kusintha funso msangamsanga poganiza kuti mukumuthandiza. Ife aphunzitsi tili ndi chizolowezi chimenecho, mwana akangodukiza timafunsanso ndi mawu ena, kenako enanso. Kwa mwana ameneyu funso losinthidwa ndi funso latsopano, chiganizo chimene amamanga chija chagwa, ayambirenso. Ngati mukubwereza bwerezani mawu omwewo, mochedwerapo pang'ono basi.

Zoloweza zija musamudule, musiyeni amalize, zimamukhazika mtima pansi ndipo mumamva katchulidwe kake. Kungoti musaperekepo malikisi ambiri. Malikisi enieni ali pa funso lachiwiri ndi lachitatu, lochokera pa zimene wanena yekha. Wati amakonda kuphika, chabwino, unaphika chani komaliza, ndani anadya, anati chani. Apo ndi pamene mumasiyanitsa mwana amene ali ndi Chingerezi ndi amene ali ndi ndime imodzi.

Njira ina imene inandithandiza kwabasi ndi kuwayesa awiriawiri. Ndinapempha aphunzitsi anzanga kuti tisinthe, ana azilowa awiri, ndiwapatse chithunzi kapena kakhadi ka nkhani, mphindi imodzi yokonzekera, kenako akambirane okha ine ndili pambali ndi cholembera. Mantha amachepa theka chifukwa sakuyang'anizana ndi mlendo. Kungoti muonetsetse musaphatikize katswiri ndi mwana wofooka kwambiri, katswiriyo amalankhula yekha mnzakeyo nkumangoti yes, yes. Ndipo ngati nkotheka mphunzitsi woyang'anira kalasi yawo, amene amati banzhuren, asakhale m'chipindamo. Si kuti ndi anthu oipa ayi, amawakonda anawo koopsa, koma ndi amene amaimbira makolo foni, ndiye akangokhala pakona mwana amauma gwaa.

Nkhani zofunsa sankhani za moyo wawo. Chakudya cha ku kantini, kudzuka m'mamawa kukawerenga mokweza kalasi yonse, kuwerenga kwa usiku kumene amatuluka 9 koloko itadutsa, kulandidwa foni, ulendo wopita kwa agogo pa chaka chatsopano chawo, magemu a pa foni. Pa chakudya cha ku kantini olo mwana wamanyazi bwanji amakhala ndi chonena. Zandale musayerekeze, za Taiwan, za boma, za chipembedzo, zisiyeni kutali, mungaike mwana pamoto nanunso kudziika pamoto. Funso loti bambo ako amagwira ntchito yanji nalonso ndinkalipewa chifukwa ana ena makolo awo ali kutali ku mafakitale amaonana kamodzi pachaka, ena amachita manyazi ndi ntchito ya makolo pamaso pa mnzawo.

Zolakwa zimene mudzamve zambiri si zachilendo kwa mphunzitsi waku Malawi. He ndi she amasokoneza ngati ana athu omwe, mwana kumanena za mayi ake nkumati he, chifukwa polankhula Chitchaina mwamuna ndi mkazi onse ndi liwu limodzi ngati m'mene ife timangoti iye. Amaonjezera kamawu kumapeto kwa liwu lothera ndi konsonanti, ifenso timatero. Th imawavuta, v amaitchula ngati w, ena n ndi l zimasakanikira kutengera kwawo. Chachikulu ndi ma tensi, chifukwa verebu ya Chitchaina sisintha, dzulo lero mawa imakhala yomweyo, ndiye mwana amene pa pepala past tense salakwa olo kamodzi, polankhula amafotokoza za chaka chatha zonse mu present. Musanayambe kuyesa khalani pansi ndi aphunzitsi a pa sukulupo mugwirizane kuti zolakwa ziti zikudya malikisi ndipo angati. Ife tinagwirizana kuti katchulidwe tidule pokhapokha ngati sindinamve chimene mwana akunena, osati chifukwa sakumveka ngati waku London. Ine ndemwe sindimveka ngati waku London, ndingamudule bwanji mwana wa eni.

Pamenepa ndiye pali nkhani ya kalankhulidwe kathu. Makutu a anawa anazolowera mawu ojambulidwa a Chingerezi chaku America ndi Britain, oyera, a liwiro lofanana. Chingerezi chathu chili ndi kayimbidwe kakekake, l ndi r timaziponyera pamodzi, mavawelo ena timawafupikitsa. Masiku oyamba mwana atha osakumvani osati chifukwa sadziwa koma khutu silinazolowere. Ndiye ngati mwangofika musavomere kuyesa ana amene sanakumvenipo mukulankhula, pemphani mulowe kaye m'kalasi mwawo kangapo. Mafunso akuluakulu ndinkawalembanso pa kakhadi kuti mwana akapanda kumva awerenge. Ndipo mayeso omvetsera musawerenge ndi pakamwa panu olo akupempheni, gwiritsani ntchito zojambulidwa zomwe anazolowera, apo ayi mukuyesa china. Kunena zoona alipo makolo ena amene akangoona kuti woyesa ndi munthu wakuda amayamba kukayika. Bambo wina anadandaula kwa aphunzitsi kuti mwana wake wapeza malikisi ochepa chifukwa Chingerezi changa nchosamveka. Chinandipulumutsa nchakuti mayeso onse ndinkajambula mawu, sukulu itavomereza. Aphunzitsi awiri anamvetsera okha, anapeza kuti mwanayo mafunso onse anawamva bwinobwino koma ankayankha liwu limodzilimodzi, malikisi anakhala omwewo nkhani nkuthera pomwepo. Jambulani, ndipo pa pepala la mwana aliyense lembani ziganizo ziwiri zitatu zimene wanena zenizeni, kuti wina akafunsa muonetse.

Kuchonga zolemba nako kunandiphunzitsa zina. Pa sukulu imene ndinali ana a chaka chomaliza ankalemba mayeso mwezi uliwonse, kuonjezera ma moko akuluakulu chakumapeto. Mapepala sachonga ndi bolopeni yofiira ngati kwathu. Amawapanga sikani, dzina la mwana nkubisika, mphunzitsi aliyense nkupatsidwa funso limodzi lokha kuti achonge pa kompyuta ana onse. Pa gaokao yeniyeni kompozishoni imachongedwa ndi anthu awiri osaonana, akasiyana kwambiri imapita kwa wachitatu. Chifukwa cha sikani imeneyi malamulo a zolembera ndi okhwima, pensulo ya 2B pa mafunso osankha, peni yakuda ya 0.5 pa zolemba. Ndipo mudzadabwa kuona ana ambiri akulemba zilembo zofanana ndendende, zozungulira, zosalumikiza, ngati zotayipa. Amachita kuphunzira kalembedwe kameneka, kanatchuka ndi dzina la Hengshui, mzinda wa ku Hebei kumene kuli sukulu yodziwika ndi kukhozetsa gaokao. Poyamba zimaoneka ngati zachibwana koma mukachonga mapepala mazana pa sikirini maso akuwawa mumvetsa, pepala looneka bwino limakukoka mtima usanawerenge nkomwe. Apa woyesa adzigwire. Mayi wina amene ndinkachonga naye, wazaka zambiri pa ntchitoyi, ankati werenga kaye chiganizo chapakati usanaone kukongola.

Iwowo ndi amene anandionetsa kachongedwe kake. Sumayamba kuwerenga zolakwa nkumachotsera ayi. Pali magulu asanu a malikisi, umawerenga kompozishoni yonse kamodzi nkuona kuti ikugwera gulu liti, kenako mkati mwa gululo ndi m'mene umakweza kapena kutsitsa. Ndipo za kuloweza zija, taonani m'mene zimaonekera. Chiganizo choyamba chokongola zedi, chomaliza chokongola zedi, mwina kamwambi kachingerezi pamwamba, koma pakati pamene mwana akuyenera kunena kuti chionetserocho chili liti, kuti, abwere ndi chani, ndi pamene Chingerezi chake chenicheni chimaonekera. Pa nkhani yopitiriza ija ana amaloweza timizere tofotokoza m'mene munthu akumvera, misozi kulengeza m'maso, mtima kugunda, dzuwa kuwala pa nkhope, ndiye umapeza nkhani ya mwana wotaya galu, anthu onse akulira, kukumbatirana, dzuwa likulowa, koma galuyo sanapezeke ndipo palibe wamutchulanso. Funso lodzifunsa ndi limodzi, kodi zimene walembazi zikutsatira nkhani imene anapatsidwa komanso ziganizo ziwiri zoyambira zija? Ngati ayi, olo mawu akhale a pamwamba bwanji, gulu lapamwamba salowa. Mwana wolemba Chingerezi chophweka koma nkhani yake yolumikizana ndinkamuika pamwamba pa wa misozi uja, ndipo amayi aja ankagwirizana nane.

M'zigawo zina kulankhula kumayesedwa ndithu koma woyesa ndi kompyuta. Ku Guangdong, kumene kuli Guangzhou kuja amalonda athu amakaoda katundu, gaokao ili ndi mayeso omvetsera ndi kulankhula a pa kompyuta kuyambira 2011. Mwana amavala mahedifoni, amawerenga motsanzira kanema wamfupi, kenako amafunsa ndi kuyankha mafunso ngati akucheza ndi munthu, pomaliza amamvera nkhani nkuifotokozanso m'mawu ake. Ku Beijing kuyambira 2021 kumvetsera ndi kulankhula pa kompyuta ndi malikisi 50 pa 150 aja ndipo mwana amayesa kawiri nkutenga opambanawo. Ku Jiangsu ana a zhongkao nawonso amalankhula ndi kompyuta. Kampani yodziwika pa makina ochonga mawuwa ndi iFlytek ya ku Hefei. Pa sukulu yathu panali labu yoyeserera zoterezi ndipo ndinakhalamo, ana makumi anayi kulankhula nthawi imodzi aliyense ndi sikirini yake, phokoso lake losaneneka. Chimene ndinaona nchakuti ana amanyazi aja pa kompyuta amalankhula momasuka kuposa pamaso panga, makina sakuyang'ana. Koma amaphunziranso kusangalatsa makinawo, kukweza mawu, osaima olo usakudziwa chonena, kuponyamo mawu ofunikira a mu nkhaniyo. Ndiye mwana wa malikisi apamwamba pa kompyuta mukamuyesa inu pamaso musadabwe akadukiza, ndi maluso awiri osiyana. Ine maganizo anga kompyuta imachita bwino pa chilungamo, siikondera, siitopa, siona khungu kapena nkhope, koma siingafunse funso lachiwiri lija.

Mukafunsa kuti tigwiritse ntchito muyezo uti, mwina adzakutchulirani China's Standards of English Language Ability, umene boma linatulutsa mu 2018, uli ndi masitepe 9 kuyambira woyamba kumene mpaka katswiri. Ndi bwino kuuwerenga, koma pa sukulu imene ndinali aphunzitsi tsiku ndi tsiku ankayendera magulu a gaokao basi, chifukwa ndi amene makolo amamva.

Malikisi mukamaliza musauze mwana mwachindunji, perekani kwa mphunzitsi wake. Makolo ali pa magulu a WeChat, imene ili ngati WhatsApp ya kumeneko, pamodzi ndi aphunzitsi, nkhani imayenda mphindi zochepa, ndipo mukauza mmodzi mawa kudzakhala mzere pakhomo. Komanso musasinthe malikisi mwachifundo, kapena kuonjezera onse chifukwa mayeso anavuta, musanafunse. Anthu kumeneko nkhani ya malikisi saseka nayo. Mu November 2018 ku Zhejiang komweko, kumene Chingerezi cha gaokao amalemba kawiri pachaka nkutenga opambanawo, akuluakulu a zamayeso anaonjezera malikisi pa zigawo zina za pepala ponena kuti zinavuta kuposa chaka chapitacho. Zotsatira zitatuluka ana ndi makolo anaona kuti sizikugwirizana, kunavuta, boma la chigawo linafufuza, malikisi enieni anabwezeretsedwa ndipo akuluakulu ena anachotsedwa pa maudindo. Aphunzitsi ankaikambabe nkhaniyi ine ndili kumeneko.

China choti mukumbukire, m'kalasi imodzi mutha kupeza mwana wakuti kuyambira ku mkaka anali ndi mphunzitsi wachizungu ndipo wapitako kunja pa holide, pambali pake pali mwana wochokera kumudzi amene inuyo ndinu mlendo woyamba kulankhula naye chibadwire. Woyambayo amalankhula ngati za mu filimu koma pena galamala pa pepala imamugwetsa, wachiwiriyo pa pepala ndi chilombo. Pepala logawa malo anayi lija limathandiza pamenepa, chifukwa ukangopereka malikisi a m'mene wamvera mumtima, wa filimu uja amatenga zonse.

Za mapepala anu tsopano, izi musazitenge mopepuka. Ngati muli pa viza ya sukulu simuloledwa kungoyamba kugwira ntchito. Ine ndisanaponde pa sekondale paja yunivesite inalemba kalata ndipo a zolowa ndi kutuluka anachita kulemba pa chilolezo changa chokhalira kuti ndikuchita internship pamalo akutiakuti. Popanda zimenezo ndi kugwira ntchito mozemba, lamulo lawo limati faindi ya ma yuan 5,000 mpaka 20,000, zikakula kutsekeredwa masiku 5 mpaka 15, ndipo utha kuthamangitsidwa sikolashipu nkuthera pomwepo. Mukangoyesa ana kamodzi makolo ena adzakupezani pa geti kapena pa WeChat, bwerani kunyumba Loweruka muzimuyesa mwana wathu kulankhula tikupatsani kenakake, ndipo ndalama yake ukaisintha mu makwacha mutu umazungulira. Kanani mwaulemu. Kuyambira July 2021 boma linakhwimitsa kwambiri za maphunziro apadera olipiritsa pa maphunziro a mayeso, masukulu ambiri a pambali anatsekedwa, ndiye amene akuchitabe akuchita mobisa ndipo akagwidwa woyamba kuvutika ndi mlendo. Ine ndinkangoti yunivesite siilola, nkuwauza kuti mwana azibwera pa English corner ya pa sukulu, nthawi yongocheza mu Chingerezi, imene inali yaulere.

Chimodzi chimene ndinabwera nacho nkuyamba kuchita ndi ana anga kuno ndi kabuku ka zolakwa. Mwana aliyense kumeneko ali ndi kope limene amalembamo funso lililonse limene walakwa pa mayeso, yankho lolondola, ndi chifukwa chimene analakwira, ndipo mayeso akayandikira amawerenga kope limenelo osati buku lonse. Pa kulankhula ndinkachita chimodzimodzi, mwana akamaliza ndinkamulembera pa kapepala chinthu chimodzi chokha choti akonze, kaya ndi he ndi she, kaya ndi past tense, chimodzi basi osati zisanu, amata mu kope lake, ulendo wotsatira ndiyambira pomwepo kumvetsera. Kuno vuto ndi makope, makolo ena kugula kope lapadera la zolakwa zokha amaona ngati kuononga, ndiye timangotembenuza kope la Chingerezi lomwelo nkuyambira kumbuyo. Ma fomu 3 anga teremu ino ndayambanso kuwayesa kulankhula awiriawiri Lachisanu masana, olo MANEB siifunsa, ndipo ndimawerengabe mpaka 10.